Makilomita Atatu a pa Mapu Anu

Mudzi wa Khwiripa,
Kuseri kwa phiri,
Mulanje.

Kwa Olemekezeka Akulu Oyeza Dziko ndi Kuwerenga Anthu,
Ofesi yam'mwamba, mumzinda.

Bwana,

Ndalemba kalatayi chogwada, ngakhale maondo anathera m'minda ya tiyi kalekale. Ndine Estele, mayi wolekezera Sitandade 6, ndiye mukapeza mawu okhota mungowawongola, poti kuwongola zinthu papepala ndiye luso lanu.

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, a Golden a zaumoyo anatiwerengera buku lanu lofanizira mzinda wa Blantyre ndi boma lathu lino. Atamaliza anatiuza kuti malinga ndi bukulo, kachipatala kathu katsekedwa mwezi uno ukatha, ndipo namwino wathu, a Monalisa, apita kumzinda komwe akuti kuli anthu. Mwana wanga Lines ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndiye ndati ndisagone ndi chithokozo mumtima.

1. Zikomo potiwerenga. Akalaliki anu anafika Lachinayi, dzuwa lili pamutu, mwezi wa Disembala. Aliyense kuno amadziwa kuti nthawi imeneyo tiyi amaphuka ngati wapenga, ndipo munthu wa manja awiri amakhala kuesiteti ndi dengu kumsana, kapena wawoloka malire kukapalira chimanga kwa abale ku Mozambique. Akalaliki anapeza nkhalamba, odwala ndi mbuzi. Analemba anthu 63, namwa thobwa, n'kubwerera mvula isanawanyowetse nsapato. Ife timadziyesa opitirira mazana asanu ndi limodzi, koma ndife yani kuti titsutsane ndi kompyuta? Chodabwitsa n'chakuti nthawi ya kampeni magalimoto amatipeza tonse, ngakhale ogontha.

2. Zikomo potifupikitsira njira. Bukulo likuti kuchokera kwathu kukafika kuchipatala chachikulu ndi makilomita atatu okha. A Golden akuti munayeza ndi rula pamapu. Rula wanuyo ndamusirira, bwana. Anadumpha phompho, nawoloka mtsinje wa Nampeya pomwe mlatho unapita ndi chigumula zaka ziwiri zapitazo, osanyowa n'komwe. Ife opanda mapiko timazungulira kumunsi kwa esiteti, maola anayi, wodwala ali pamachira. Mvula ikagwa, wakabaza amangokuyang'ana n'kuseka.

3. Tanyadira kumva kuti boma lathu ndi lolemera. Mwatchula tiyi, nanazi, nthochi, madzi a m'phiri, ngakhale mkungudza umene ife tatsala n'zitsa zake. Simunaname. Kungoti zonse za kuno zimadziwa njira imodzi, yotsetsereka. Tiyi amatsika, nanazi amatsika, madzi amatsika, ana athunso amatsika. Mkamwini wanga Kingstone, mwamuna wa Lines, amalondera geti la munthu wina kumzinda kwanuko, ndipo munamuwerengera komweko. Ndi iyeyo ndi anzake a ku Muloza ndi ku Chitakale amene atupitsa chiwerengero chanu mpaka mwaona kuti namwino wathu akufunika kumeneko. Tinakupatsani ana, ndipo potithokoza mwabwera kudzatenganso wowabadwitsa. Zokwera chitunda kubwerera kuno ndi mabokosi a maliro basi.

4. Apa ndiye ndilankhule mosapsatira, mundikhululukire. Ndili ndi mantha, ndiponso ndakwiya. Mimba yoyamba ya Lines inafulumira miyezi isanakwane, ndipo kamwanako tinakaika kuseri kwa nthochi. Mudzati apite akadikirire kuchipatala, koma tsiku la mimba yotere alidziwa ndani? Ineyo ndinali mzamba zaka makumi awiri. Munatiletsa, munati manja athu ndi achikale, ndipo tinamvera chifukwa munatipatsa namwino. Lero mwachotsa namwino, chiletso mwachisiya. A Monalisa anamuyeza Lines sabata yatha, nandikokera pambali n'kundiuza kuti mwanayu wakhala chopingasa, ndisayerekeze kuyesa ndekha. Analankhula akulongedza mabotolo m'katoni.

Sindikupempha mlatho, bwana, ndikudziwa kuti simenti imachita chizungulire ikafika kumapiri. Sindikupemphanso kuti mubwere, galimoto yanu ndi yoyera kwambiri. Ndikupempha miyezi iwiri yokha. Musiyeni namwino mpaka mwana wanga achire, kenako mudzamutenge pamodzi ndi mabotolo ake, ngakhale malata a kachipatalako mudzasasule mukafolere pogona galimoto.

Koma ngati miyezi iwiri ingasokoneze mapulani a dziko, musadzivute, tidzanyamula machira. Amuna a mphamvu atsala atatu m'mudzi muno, mbali yachinayi ndidzagwira ndine. Zikadzavuta panjira, musadzatume nkhata ya maluwa kapena kalata yachipepeso. Musadzavutikenso kufufuta kalikonse m'buku lanu lokongolalo. Tsiku lowerenga anthu Lines anali kothyola tiyi, ndiye kwa inu sipadzafa munthu.

Ndine wantchito wanu wogonjera,

Estele Muhoko