Kagalasi ka pa Khoma la Tchalitchi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti a ku Trelawney anaifalitsa kalekale, ndi mchere wowonjezera, bola ndiinene ndekha.

Inali nthawi ya chitaganya. Ndinkamanga mabalani a fodya pafamu ina ya ku Trelawney komweko, m'dziko la eni, pomwe ambiri m'komboni tinali ochokera ku Nyasalande. Chaka china bwana wa famuyo ananditumiza ku Halale, komwe injiniya wina, mzungu wosalankhulalankhula, ankaphunzitsa amisiri a m'mafamu chimene chimagwetsa makoma. Maphunziro ake anali a sabata imodzi yokha. Potsazikana anatilangiza kuti nzeruzo tikathandize nazonso anthu kwathu, osati bwana yekha. Pamenepo ndi pamene panagona tsoka langa.

Mwa zonse, chimene chinandilowa ndi ichi: ukaona mng'alu pakhoma, mata kagalasi mopingasa ndi simenti. Kakasweka, ndiye kuti khoma likuyenda.

Nditabwerako ndinkangozungulira komboni, pensulo pakhutu (sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma pensuloyo siinkadziwa zimenezo), kugogoda nyumba za eni ake osandipempha. Kenaka ndinapeza mng'alu m'tchalitchi mwathu, kumbali ya amayi. Lachinayi ndinamatapo kagalasi. Lamulungu m'mawa ndinakapeza katasweka pakati.

Mapemphero asanayambe ndinaimirira n'kulengeza kuti aliyense atuluke, nyumba ikugwa. Anthu anathamangira panja, ena kudzera pawindo. Mkulu wa mpingo, a Mbewe, omwe mwana wawo wamkazi amayembekezera ukwati m'tchalitchi momwemo, anatsala pakhomo akundiyang'ana.

"Amisiri, mng'alu uwu unalipo mkwatibwiyu asanabadwe. Lero ndiye waganiza zoyamba ulendo?"

Ndinawayankha kuti khoma silitsazika, komanso kuti iwo ku Halale sanapiteko. Ndinapsa mtima ndithu kuti munthu ukuwapulumutsa anthu, iwo n'kumakufunsa mafunso. Mpingo unagwirizana nane, chifukwa palibe amene ankafuna kuti denga limutsimikizire pamutu.

Choncho tinasamukira pansi pa mtengo wa msasa, mu Januwale, mvula ili pachimake. Sabata yoyamba mabuku a nyimbo ananyowa. Yachiwiri abusa anagwidwa chimfine, ulaliki n'kumamveka ngati akulankhulira mumtsuko. Yachitatu unali ukwati uja. Mkwatibwi analumbira atafunda chiguduli cha fodya, diresi litamata matope mpaka m'mawondo, amayi ake akulira kulira kosakhala kwa chimwemwe. Tchalitchi chinangoima poteropo, chouma bwinobwino. Ndiulule: tsiku limenelo ndinapempherera kuti igweko njerwa imodzi yokha, inditchinjirize ku maso a a Mbewe. Sinagwe.

Nditathedwa nzeru, ndinapempha bwana kuti amuimbire lamya injiniya uja. Anabweradi Loweruka, mwa kufuna kwake, komboni yonse n'kumulondola. Anayang'ana maziko, anayang'ana denga, kenaka n'kugogoda pamng'alupo ndi kahamala. Pulasitala anayoyoka, njerwa zili gwa, zopanda ngakhale kamzere. Anatola chidutswa cha galasi, n'kufunsa m'Chilapalapa, chilankhulo cha m'mafamu, ngati pali amene anakhudzapo.

Kenaka kumbuyo kunamveka mawu amene ndimawadziwa bwino kuposa mawu ena onse. Anali a mkazi wanga, Nabanda.

"Ndinali ine, bwana. Tikusesa muno ndinagunda ndi mtengo wochotsera akangaude."

Injiniya sanaseke (ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa cha chimenechi). Anangoti kagalasi ndinamata bwino kwambiri, n'kukwera galimoto yake. Otsalawo ndiye anaseka mpaka ena kukhala pansi, kupatula a Mbewe, omwe anandipatsa mpeni wa pulasitala kuti ndikonze khomalo.

Tili kunyumba ndinawafunsa Nabanda chifukwa chimene anakhalira chete masabata atatu athunthu, iwonso akunyowa nawo.

"Ndinayamba kukuuzani kawiri konse, inu n'kundiuza kuti izi n'za ophunzira. Chibwerereni ku Halale mumangomvera makoma."

Maphunziro a sabata imodzi aja sanafike pamenepo.

Dzina loti a Kagalasi linandikanirira mpaka ndinachoka pafamupo, ndipo a Mbewe anatha chaka akundipatsa moni ndi chibwano. Ndinaphunzira kuti usanafunse khoma, uyambe wafunsa amene amasesa m'nyumbamo. Komabe mwezi watha ndinaona mng'alu kukhitchini kwathu, ndipo ndinafunsadi kaye. Nabanda anandiyang'ana n'kunena kuti ndisayerekeze. Ndinamatabe kagalasi kumbali yakunja, iwo atapita kuchigayo.