Tsiku Limene Ndinaonetsa Chipinda cha Agogo ku Joni

Anthu ena amachita manyazi pamaso pa mudzi umodzi, n'kumadandaula mwezi wathunthu. Anga ine anakafika mpaka ku Joni, anadumpha malire onse popanda pasipoti, ndipo mpaka lero amayi a m'kalabu yathu akandiona pamsika wa Mitundu amayamba kugundana zigongono. Ndiye ndati ndifotokoze ndekha, chifukwa ofotokoza enawo akumachulutsa nsinjiro.

Ndinakula ndi agogo anga aNaphiri, m'mudzi wina pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Makolo anga anatisiya ndisanadziwe n'komwe nkhope zawo. Sindine woyankhulayankhula. Pagulu ndimakhala kumbuyo n'kumangoyang'ana, moti ena amaiwala kuti ndilipo. Agogo sanandiphunzitse malamulo ambiri, koma limodzi analikhomera ndi msomali: munthu sanena zimene wakolola. Wina akakufunsa za kumunda, umagwetsa nkhope, umausa moyo, n'kunena kuti, "Zavuta chaka chino, tangopeza kambewu." Ukanena zoona, mawa lake achibale afola pakhomo ndi timatumba, ndipo ena amene si achibale ayamba kukuyang'ana cham'mbali. Kwathu aliyense amayankha choncho, aliyense amadziwa kuti mnzakeyo akunama, ndipo palibe amakwiya. Ndi ulemu.

Tsono kalabu yathu imalima mtedza. Zaka zonsezi takhala tikugulitsa kwa mavenda a pa Mitundu, amene sikelo yawo ili ndi matenda achilendo: thumba likangokwerapo limaonda. Ndiye mlangizi wathu, mayi wina wachangu amene amakhala ku Nathenje, anatipezera wogula wa ku Joni. Anali mayi mwini fakitale ya chiponde, amene amafunafuna alimi a mayiko ena kudzera pa foni. Tinatumiza kamtedza koti akayeze, ndipo kanapambana, popeza mlangizi anali atatiletsa kale khalidwe lonyowetsa mtedza tisanaswe, lomwe limabweretsa chuku. Chinatsala n'chimodzi: mayiwo amafuna kutiona nkhope pa foni, atsimikize kuti tingadzaze thiraki. Zikakanika, tibwerere kwa mavenda aja tili chete.

Anasankha ine kuti ndikhale woyankhula, chifukwa foni yoonana nkhope inali yanga, komanso ndinafika Fomu 4. (Palibe anaganizako kuti munthu amene amalephera kufunsa mtengo wa tomato angavutike kugulitsa thiraki ya mtedza.)

Tsikulo anthu anasonkhana pabwalo la nyumba yathu, poti ndi pamene netiweki imagwira bwino. Amayi a m'kalabu anavala ngati akupita ku ukwati. Atcheya athu, a Kamwendo, anavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Mlangizi anaimba kuti njinga yake yamoto yaphulika tayala panjira, ndiye tiyambe, atipeza.

"Musaope achimwene," anatero. "Muzingoyankha zimene akufunsani."

Foni tinaitsamiritsa pamtondo. Italira, panaoneka mayi wa magalasi, kumbuyo kwake makina akuzungulira, mabotolo a chiponde atandandalika mpaka kumene maso sakufika. Anatipatsa moni, ife tonse tinawomba m'manja mwaulemu. (Tangoganizani anthu akuluakulu, ena a imvi, akuwombera m'manja mtondo.) Kenako anafunsa m'Chingerezi:

"Nanga mtedza wachita bwanji chaka chino?"

Abale, funso limeneli ndaliyankha moyo wanga wonse. Pakamwa panayankha pokha, mutu usanafunsidwe maganizo. Ndinagwetsa nkhope, ndinausa moyo ndendende ngati agogo, ndipo m'Chingerezi changa chapamwamba kwambiri ndinawauza kuti zavuta, mvula inadula msanga, chiswe chinalowa m'minda, tangopeza kambewu.

"Wawauza chiyani?" ananong'ona atcheya.

Ndinamasulira.

"Eya," anatero akugwedeza mutu. "Wayankha ngati munthu woleredwa."

Amayi onse anavomereza ndi kukhosi. Agogo anayang'ana uku ndi uku kuti aliyense amve: "Ameneyotu ndi wanga."

Kuyamikiridwa n'koopsa kwa munthu amene sanakuzolowere. Mayi aja atafunsa ngati tingadzazebe thiraki, ndinawonjezera moto. Ndinati ife ndi ndani kuti tidzaze thiraki, mwina kangolo, kameneko Mulungu akalola.

Mayiwo anavula magalasi. Nkhope yawo inagwa moona mtima, ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro. Anati apepese kwambiri ndi mavuto amene tawaona, iwo ayang'ana cha ku Zambia chaka chino, ndipo mwina tidzayesenso chaka chamawa. Ine mtima unali m'malo. Ndimaganiza kuti ndi kachitidwe kaja ka pamsika, wogula amanyamuka ngati akupita, n'kumayenda pang'onopang'ono kudikira kuti umuitane. Ndinayamba kuwatsanzika bwinobwino, ndikuwafunira ulendo wabwino wa ku Zambia.

Apo m'pamene mlangizi analowa pabwalo akukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Anamva mawu omalizawo okha. Njinga anangoisiya kuti igwe.

"Ku Zambia? Akupitiranji ku Zambia? Achimwene, mwawauza chiyani?"

"Ndawauza kuti tangopeza kambewu."

"Mayo ine! Anthu amenewa za kambewu sazidziwa! Ukawauza kuti ulibe, amamva kuti ulibe!"

Atcheya, amene posachedwapa amati ndine woleredwa, anasuntha mpando wawo kutali nane.

Mlangizi anagwada pamtondo n'kuyamba kuchonderera. Anafotokoza kuti mtedza ulipo wambiri, mnyamatayu amangochita ulemu. Mayi a ku Joni anamvetsera, koma nkhope inali itasintha. Anati wina akuti mulibe, wina akuti muli nawo wambiri, ndipo thiraki yochokera kwawo kudzafika kuno siyendera madzi. Ngati matumbawo alipo, tiwaonetse pompo, awaone ndi maso awo.

Vuto ndi lakuti kalabu yathu ilibe nyumba yosungiramo katundu. Aliyense amasunga kwawo, kumene amadziwa yekha.

"Tiyambire kwa ndani?" anafunsa mlangizi.

Atcheya anapeza kanthu kofunika kwambiri pa nsapato yawo. ANambewe, anansi athu, anati, "Ine mukudziwa kale, mbewa zinandimaliza." Wina anati wake sanaswe. Wina anadzuka kukayang'ana mbuzi zimene sizinasowe. Anthu anali okonzeka kutaya msika wa ku Joni kusiyana n'kuti mnansi aone matumba awo. Nayo foni inali itayamba kuonetsa kufiira, moto ukutha.

Tsono ubwino wa munthu wachete ndi wakuti amaona zambiri. Ndinkadziwa amene anabwereka singano yosokera matumba mobwerezabwereza. Ndinkadziwa ngolo ya yani inkadzera njira ya kuseri kwa manda. Koma mwana ngati ine sindikanaloza nyumba ya munthu wamkulu pagulu. Chitseko chimene ndikanatha kutsegula chinali chimodzi chokha.

Ndinanyamula foni pamtondo n'kulunjika m'nyumba mwathu.

"Iwe, ukupita kuti?" anakuwa agogo.

Sindinacheuke. Ndinakankha chitseko cha kuchipinda kwawo, kumene ndinali ndisanapondeko chimerereni ndevu, n'kukoka chitenje chimene anatchinga kukhoma. Matumba anali atasanjikizana mpaka kudenga. Ndinamva mayi a ku Joni akudzuma. Ndinamasula thumba limodzi, n'kutapa mtedza wofiira, wouma gwa, ndikuuthira pang'onopang'ono pamaso pa foni kuti amve kulira kwake.

Ndikanalekera pomwepo ndikanakhala ngwazi. Koma ndinafuna kuti aone kukula kwa mulu wonse, ndiye ndinayamba kuzungulitsa foni m'chipindamo. Inadutsa matumba, inadutsa bedi, n'kukaima pamsomali pamene panapachikidwa mikanda ya m'chiuno ya agogo, yofiira ndi yoyera, yonyezimira ngati yogula dzulo.

"Oo, zokongola bwanji!" anatero mayiwo. "Nazonso mumagulitsa?"

Mlangizi, amene anali kumbuyo kwanga, anamasulira mokweza asanaganize. Amayi amene anaunjikana pawindo anagwa pansi ndi phwete. Ine pofuna kuthawitsa foni ndinabwerera chafutambuyo, n'kumenya chitini chokodzeramo usiku chimene agogo amasunga kunsi kwa bedi. (Chinali chopanda kanthu, ndipo ndimathokozabe mpaka lero.) Chinagubuduka, chinatuluka pakhomo chikulira ngati belu la sukulu, n'kukaima pamapazi pa atcheya.

Kenako panamveka mawu a aNambewe pawindo.

"ANaphiri! Si inu dzana munandimana kamtedza kosinjira nkhwani, mumvekere chiswe chinatha zonse? Chiswe chake n'chimenechi, chosoka matumba?"

Agogo anali ataima pakhomo la chipinda. Ndinayang'ana m'manja mwawo kuti ndione chimene andimenye nacho. Anandiyang'ana ine, anayang'ana foni, anayang'ana pawindo. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu.

"Amunanga, mwandivula," anatero motsitsa. "Chabwino. Koma pamudzi pano sindivulidwa ndekha. Nyamula kanthu kakoko, tiye kwa Nambewe."

Ulendo umene unatsatira sindidzauiwala. Agogo patsogolo, ine pambuyo foni ili m'mwamba, mlangizi akuthamanga pambali ndi kabatire kake kuti foni isazime, kalabu yonse ikutilondola. Zinaoneka kuti zonse zimene ndinkaona ine, agogo ankazionanso, mwinanso kuposa. Kwa aNambewe analunjika ku bafa lakale limene ankati linagwa.

"Onetsa umu. Mbewa zake tizione."

Munali matumba okhaokha. ANambewe anangoti, "Ndi a mchemwali wanga," anthu n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Atangoyaluka, aNambewe ndi amene anakhala olusa kuposa agogo. Anatitsogolera okha kwa mnansi wotsatira, ameneyonso kwa wina. Pofika kwa atcheya tinapeza atatsogola kale, ataima pakhomo la khola la mbuzi limene anafolera malata chaka chatha.

"Muno muli mbuzi zodwala," anatero. "Zingakupatsireni."

"Tsegulani, a Kamwendo," anatero agogo. "Mbuzi zanu zimagona panja chiyambireni kukolola. Mumayesa sitiona?"

Anatsegula. Mulu wawo unaposa wa aliyense.

Mayi a ku Joni anali akupukuta misozi ya kuseka. Anati aona mafamu akuluakulu, aona nyumba zosungiramo katundu zokhala ndi alonda, koma sanaonepo mudzi wosauka wokhala ndi mtedza wochuluka chonchi. Anati thiraki ibwera, ndipo imodzi mwina siikwanira. Mlangizi atamasulira, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Titabwerera pabwalo lathu, atcheya anabwezeretsa mpando wawo pafupi nane n'kuuza anthu kuti mnyamatayu anamusankha ndi iwo.

Thiraki inabweradi patapita masabata angapo. Za mapepala a pamalire anayendetsa mlangizi, ife tinangosenza matumba. Anayezera pa sikelo yopanda matenda, ndipo koyamba tinaona thumba likulemera monga linabadwira. Mavenda a pa Mitundu anabwera kudzaonerera ataima patali, manja m'thumba. Mayiwo anatumizanso makina oswera mtedza, kuti kalabu izibweza pang'onopang'ono ndi zokolola, ndipo panopa tikuumba njerwa za nyumba yosungiramo katundu, kuti alendo asamalowenso m'zipinda za anthu.

Koma mtengo wake ndinalipira ine. Mbiri ya matumba a agogo inafika kwa achibale athu a ku Malingunde thiraki isanafike n'komwe. Anayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense ndi kathumba kopinda bwino m'khwapa, akuti adzangotizonda. Agogo ankawalandira ndi nsangala, kenako n'kuloza ine.

"Za mtedza funsani bwana wa foniyo. Ndi amene amagawa."

Ndipo munthu wosatha kukana ngati ine, gawo langa lonse linapita choncho.

Ndinaphunzirapo kuti ukamagulitsa kunja uzinena zoona, ndipo foni uziloza pa katundu yekha. Agogo nawo anaphunzirapo zawo. Sabata yomweyo anapita pa Mitundu n'kugula loko wamkulu ngati wa pagolosale, kiyi anamangirira pansonga ya chitenje. Chaka chino takololanso, ndipo matumba ndinasenza ndine mpaka pakhomo la chipinda, iwo n'kumakokera okha m'kati. Mayi a ku Joni akaimba kufunsa za katundu wa nyumba yathu, agogo amandilanda foni, amalowa nayo kuchipinda n'kudzitsekera. Chingerezi sadziwa, mayiwo Chichewa sadziwa, koma ndimangomva akuseka awiriwo, ine ndili pakhonde ngati mlendo.