Gitala ya Lidi ndi Chinangwa cha mu Dramu

Lolemba

Yotamu wapita ku Joni. Ndiye ankaliza gitala ya lidi ku tchalitchi kwathu, ine pambuyo pake ndi rizimu yanga, makiyi atatu omwewo kuyambira ndili ndi mano onse.

A Mhone, mkulu wa kwaya, akuti: "Ada, lidi ikasowa Lamulungu lino, magitala onse alowa mu kabati. Kiyibodi imaimba zonse yokha." Ndiye kuti mpando wanga wa kutsogolo uja wapita.

Ndawauza kuti lidi ndiliza ine. Aseka, kenako andibwereka foni yawo yakale. Muli kanema wa mzungu wa tsitsi ngati ukonde wong'ambika, akuliza lidi. Zala zake ngati usipa ukuthawa nsomba yolusa ya mcheni. Ndaonera mpaka batire latha.

Lachiwiri

Zimene amachita mzungu uja:
kukhoma waya ndi chala, osakhwatcha
kuchotsa chala mokwatula
kukankha waya m'mwamba mpaka ulire
kutsetsereka
kukwinya nkhope

Chomalizachi ndimachidziwa kale.

Nsonga za zala zanga n'zolimba, ukonde unazikonza kalekale. Waya sukundipweteka. Liwiro ndiye palibe. Chala chaching'ono chikukana ntchito, chikungoima pambali ngati kapitawo.

Anyachirwa, mayi a kunyumba kuno, anyamuka kupita ku Limphasa kukathandiza mng'ono wawo kumweta mpunga. Alankhula ali kale pa kabaza: "Chinangwa cha kondowole chili mu dramu, chafewa. Mawa muvuule. Chikawola mudya gitalayo."

Lachitatu

Kuvuula, kusenda, kutsuka, kufinya, kuyanika pa thandala. Ntchito iyi ndimaiona ndili pa mpando, sindimadziwa kuti ndi yaitali chonchi. Manja m'madzi owawasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Zala zayera mbuu, zafewa ngati za kalaliki. Fungo ndiye losanena.

Ndagwira gitala pomwepo, osadikira kuti ziume. Chala chikutsetsereka bwino kwabasi! Ndati basi, chinsinsi cha mzungu ndi chimenechi, amayamba waviika manja. Ndakankha waya wowonda uja m'mwamba kuti ulire.

Walira ndine. Khungu latsala pa waya.

Lachinayi

Zala zitatu matuza okhaokha. Khungu limene ukonde unamanga moyo wanga wonse, chinangwa chaligumula tsiku limodzi.

A Juma, ogula usipa a ku Mangochi aja, andipeza ndikuuzira zala. Akuti: "Achimwene, pakani supaguluu, amauma ngati chikhadabo. Oimba a kwathu amatero." Ndapaka. Wauma ndithu. Koma chala chapakati chamatana ndi chinzake.

Ndayesa kuliza choncho. Zikuyenda ziwiriziwiri ngati akwati.

Njira yozilekanitsa, akutero a Juma omwewo, ndi kuviika m'madzi ofunda. Ndaviika. Zalekana. Zafewanso.

Lachisanu

Chatsala chamoyo ndi chala chaching'ono, kapitawo uja. Lero wagwira ntchito mofuna mosafuna. Ndakhala naye pansi pa mtengo wa mango, foni pa bondo, kukhoma, kukwatula, kukhoma, kukwatula. Pang'ono zikumveka. Ngati nkhuku yomwa madzi, koma zikumveka.

Podzutsa mutu, mbuzi za kwa aneba zili pa thandala. Mwendo umodzi wa thandala unali wofooka kale, ndimati ndikonza. Chinangwa chonse pa mchenga, theka m'mimba mwa mbuzi.

Ndakakumba china kumunda, ndatsuka, ndaviika mu dramu kuti Anyachirwa asapeze mopanda kanthu. Manja m'madzinso. Ndatopa ine.

Loweruka

Pulakatisi. Zala ndamanga ndi tinsanza.

Kwaya yaimba ndime yoyamba, yasiya mpata wa lidi. Ndalowa. Ndathamanga ndithu, koma kumene ndimapita sindikudziwa. Amayi a aluto onse maso pansi, mapewa akugwedezeka. A Mhone: "Ada, imeneyo ndi nambala chani mu buku la nyimbo?"

Aphunzitsi aakazi a kiyibodi adina kabatani kamodzi. Mwatuluka lidi yoyera, yopanda thuza.

Ndayamba kukulunga chingwe changa. A Mhone akanda m'mutu, akuti: "Mawa mukhale pa mpando panu pomwepo. Tiona chochita."

Kunyumba ndapeza Anyachirwa afika, dzanja lili mu dramu. Atulutsa chinangwa cholimba gwa. "Ichi ndinachisiya chofewa. Chabwerera ku utsikana?"

Lamulungu

Mpando ulipo. Gitala pa mwendo, chingwe chalowa bwino ku gitala. Mbali inayo ili pansi pa benchi, siinafike ku sipika. Ndaiona. A Mhone aona kuti ndaiona. Tapatsana moni.

Pa mpata wa lidi kiyibodi yalira, ine ndatsatira. Kukhoma, kukwatula, kukankha, kutsetsereka, nkhope yokwinya. Zala zikuwawa koma zayenda, mwina chifukwa palibe amene amazidikira. Ngakhale kapitawo wathamanga.

Potuluka Anyachirwa akuti: "Ada, lero ndiye mwaliza bwino. Sindinamve cholakwika ngakhale chimodzi."

Ndathokoza: yewu, ama.

Foni ndabweza. Gitala sinalowe mu kabati. Chinangwa chifewa mawa kapena mkuja, ndipo akuti wovuula ndine.