Tsiku limene ndinalambula pabwalo pa apongozi

Nkhaniyi sindimakonda kuifotokoza, koma poti kudera la Zengeza 2 amaikambabe, kuli bwino muimve kwa mwini wakene.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira mabwalo a nyumba za kumayadi. M'mawa uliwonse ndimakwera kombi, minibasi yakuno, pa Seke Road kupita ku Harare kukatchetcha kapinga ndi kusadza mitengo ya anthu. Ntchitoyi ndimaidziwa, ndipo sindichita manyazi kunena. Vuto langa n'loti ndikaona udzu pabwalo pa munthu, manja amayamba kuyabwa.

Chaka chimene ndinakwatira Esinati, tinayamba takhala kwa amayi ake, aNambewe, tikudikira kupeza chipinda chathu kudera la Unit O. Iwo anabadwira konkuno kwa makolo ochokera ku Ntcheu, ndipo mwambo anaugwira zolimba. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sachezerana. Ndikafuna kunena kanthu ndinkauza Esinati, iye n'kukauza amayi ake, ngakhale tonse tili m'chipinda chimodzi. (Nthawi zina ndinkamva yankho ndi makutu angawa, koma ndinkadikirabe kuti Esinati andibwerezere.)

Tsono kuseri kwa nyumba yawo kunali tchire. Zomera zitalizitali, zina zouma, zina zitatuwa, zili ndi timakoko tofiirira. Kutsogolo kunali koyera mbee, amasesa okha tsiku lililonse. Mumtima ndinati, mayi okalamba, amasiye, mphamvu zawathera kutsogoloku. Chisoni chinandigwira, kunena zoona. Komanso ndisabise, ndinkafuna aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Kufunsa ndikanafunsa. Koma mkamwini angauze bwanji apongozi kuti kuseri kwa nyumba yanu kwanyansa? Ndinaganiza zongowadzidzimutsa.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, iwo ndi Esinati anapita kukasesa kutchalitchi. Atangotseka geti ndinavula malaya. Ndinayamba ndi chikwakwa, kenako khasu, mizu yonse ndinazula kuti zisadzaphukenso. Ndinasalaza dothi, n'kudulira malire ndi chingwe monga ndimachitira kwa mabwana anga. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Mukuwasha, mwauzidwa ndi eni ake?” anafunsa, akusakaniza ndi Chishona monga timachitira kuno (mukuwasha ndiye mkamwini).

“Ntchito yabwino siidikira kuuzidwa, amayi,” ndinayankha ndikupukuta thukuta.

Anangoti “Hoo,” n'kulowa m'nyumba. Ine ndinayesa nsanje.

Zikanathera pamenepo, bwenzi zinthu zitakonzeka, chifukwa zonse ndinali nditaunjika pamulu umodzi. Koma ine sindisiya ntchito yatheka. Ndinatenga machesi. Muluwo unayaka bwino kwambiri, timakoko tija tikuphulika thethethe, ine nditaima potero manja m'chiuno ngati mwini munda.

Anabwera utsi ukutha. Esinati ndiye anayamba kuzungulira kuseri, ndipo ndinamva, “Maiwe! Bambo, mwachita chiyani?” Mkazi wanga akayamba ndi Chishona ndiye kuti zavuta.

Apongozi anafika pambuyo pake. Sanakuwe, sanagwire kumutu. Anayang'ana dothi losalalalo, anayang'ana phulusa, kenako anakhala pansi pa chidebe chovundikira.

“Esinati,” anatero mofatsa, “uwafunse bambowa ngati anayamba adyapo luni.”

Esinati anatembenuka. “Akuti munadyapo luni?”

“Uwauze kuti ndinadya dzulo lomweli,” ndinatero, mawu akuchepa.

“Uwafunse ngati amaganiza kuti luniyo amagwa ndi mvula.”

Apa m'pamene maso anga anatseguka. Limene ndinkaliyesa tchire lija linali luni ndi bonongwe zimene anazisiya dala kuti zikhwime apeze mbewu. Ndiwozi ndinkazidziwa zili m'mbale zokha. Kumayadi tikaziona timazula, bwana asanatione. Koma zimenezo n'zazing'ono, luni ndi bonongwe mbewu yake ungapemphe kwa aliyense kuno. Timakoko tofiirira tija tinali chidede. Mbewu yake anabwera nayo amayi awo kuchokera kumudzi atamanga pansonga ya chitenje, ndipo chaka ndi chaka akhala akuikolola pamalo omwewo. M'dera lonselo palibe wina amene anali nayo. Amayembekeza kuthyola sabata yotsatira.

Ndinagwada paphulusa pomwepo. Ndinati Esinati awauze kuti ndalakwa, ndipo ndikafunafuna mbewuyo kulikonse. Iwo anangoti, “Uwauze adzuke, akuda mawondo.” Mawu ofatsawo anandipweteka kuposa akanandikalipira.

Miyezi yotsatira ndinayenda. Ndinafunsa amayi okalamba onse a kutchalitchi, ndinafika mpaka kumayuniti akutali a Seke kumene sindinapondeko chibadwire. Ena ankati anali nayo kale koma inatha ndi chilala, ena ankaseka n'kuitana anzawo kuti adzaone mkamwini wootcha ndiwo. Mayi wina anandipatsa mbewu m'kapepala, ndinabwera nayo ndikuthamanga. Apongozi anaiyang'ana padzanja n'kuuza Esinati kuti andithokoze chifukwa cha therere.

Mvula itagwa mu Disembala, tsiku lina ndinawaona atawerama m'mbali mwa mpanda, kumene khasu langa silinafike bwino. Panali patamera timbewu titatu ta chidede, ta mapesi ofiira. Anaitana Esinati, ndipo ndinamva akuseka koyamba chichitikireni ngoziyo. Ine ndinali pazenera, misozi ili m'maso, ndikuthokoza Mulungu kuti tsiku lija pena ndinagwira ntchito mwaulesi.

Madzulo ake anazunguliza timbewuto ndi waya, n'kumangirira bwinobwino pazikhomo zinayi. Ndinauza Esinati awafunse ngati akuopa nkhuku za anthu, kuti ndikatseke mipata ya kumpanda.

“Uwauze asavutike,” anayankha apongozi, akumanga mfundo yomaliza. “Nkhuku sizinandilakwirepo.”

Panopa tinasamukira ku Unit O, koma wayayo alipobe. Ndikapita kukacheza amandiikira mpando kutsogolo kwa nyumba, ndipo ndikangodzuka, Esinati amafunsa kumene ndikupita.