Mwendo Uti, Alamu?

Mlamu wanga Ulimbo, goloboyi wa timu yathu ya amakaniko, sankaganiza. Sindikunyoza malemu ayi, aliyense akudziwa. Mutu uja ankangoyenda nawo poti anaupeza uli kale pakhosi. Koma manja, abale inu! Chilichonse chouluka ankawakha asanadziwe kuti n'chiyani. Tsiku lina mkazi wake, mlongo wanga, atapsa mtima anamugenda ndi simbi yamoto. Iye anaiwakha, kuikumbatira pachifuwa, n'kuyamba kuyang'ana woti amuponyere.

Ine ndinali goloboyi wachiwiri. Zaka zisanu ndi zinayi pabenchi, mpaka matako kuphwathalala ngati thabwa. Jezi ndinkangoionera pachingwe mlongo wanga akaichapa.

Tsiku la fainolo, tikumanga nsapato, ndinamuyandikira.

"Alamu, inu ndinu katswiri, tandiphunzitsaniko. Mukamadumphira mpira, mumayamba kunyamula mwendo uti?"

"Wamanja," anatero. Kenako anayang'ana pansi. "Ayi, wamanzere. Tadikirani."

"Nanga mpweya, mumakoka kapena mumatulutsa?"

Wezulo inalira munthu akukokabe ndi kutulutsa.

Mpira woyamba unamudutsa akuyang'ana mapazi ake. Wachiwiri anaudumphira mokongola kwambiri, utagona kale muukonde. Wachitatu ananyamula miyendo yonse iwiri n'kugwa chagada ngati thumba la simenti.

"Iwe Ulimbo, ukutani?" anakuwa kochi.

"Ndikuganiza, bwana!"

"Wakutuma ndani?"

Anamutulutsa, jezi n'kundipatsa ine, ikadali yonyowa ndi thukuta. Anandichinya zigoli zisanu, koma zangazo palibe amazikumbuka. Kwa ine ankayembekezeranso chiyani?

Pagolo sanabwererenso. Zaka makumi awiri, Loweruka lililonse, ankaima kuseri kwa golo kutola mipira yogwera mungalande, mwendo umodzi uli m'mwamba ngati tambala, akuyesabe. Ochemerera ankamukuwiza kuti, "Madala, lero ndi uti?" Anawayambitsa ndine.

Atagonekedwa kuchipatala ndinapita kukamuona. Anandigwira dzanja, ndipo zala zija zinali zikadali zolimba.

"Alamu, inu munkandionera pafupi. Kodi sunali wamanzere?"

"Unali wamanzere," ndinatero, ngakhale sindinayang'anepo n'kamodzi komwe.

Anapumira m'mwamba, n'kutembenukira kukhoma. Patatha masiku awiri tinakamuika.

Masiku ano mpira ukagwera mungalande masewero amaima, anyamata akukankhizana wokautola. Ine ndimangoonerera. Bwalo lonse lija palibenso wonditchula kuti alamu.