Pemphero Loyenda Pansi la a Gwaza

Pemphero la a Mcdonald Gwaza linkayenda pansi. Linkayambira kumtunda, pa nyumba ya mai Rhoda pafupi ndi msewu wochokera ku Salima, n'kumatsika khomo ndi khomo, kutsata njira yeniyeni imene timapondamo, mpaka likaime pa nyumba yomaliza ya kudoko. Nyumba zinalipo makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu. Sankalumpha ngakhale imodzi.

Anali dobi wopuma. Anachapa ndi kusita nsalu zaka makumi atatu pa hotela ina ku Senga Bay, ndipo mwina n'kumeneko kumene anazolowera kugwira chinthu chilichonse pachokhapachokha. Zoti munthu n'kungoti "Ambuye dalitsani tonse" sankazimva.

"Tonse ndi ndani?" ankafunsa. "Amakhala pati? Akudwala chiyani?"

Choncho m'tchalitchi mwathu munthu sankayang'ana wotchi. Ankamvetsera pamene a Gwaza afika. Amayi amene anasiya usipa pa thandala ankatuluka monyang'ama, kukautembenuza, n'kubwerera.

"Afika pati?"

"Angodutsa pa mjigo."

"Ndiye ndikatunge kaye madzi. Mukamva pa chigayo mundikodole."

Amati abusa ena achilendo analakwitsa, anawapempha kuti adalitse tiyi. Pemphero litafika pa nyumba yachisanu, abusawo anatuluka mwakachetechete, anakwera njinga yamoto, anakabatiza ana ku Khombedza, n'kubwerera. Anapeza a Gwaza ali pa chigayo, tiyi atamera ndere. Za nderezo ndi bodza. Za ku Khombedza alipo amene amalumbira mpaka lero.

Kutalika sikunali vuto lenileni. Vuto linali lakuti a Gwaza ankadziwa zinthu. M'mawa uliwonse ankayenda njira yomweyo ndi ndodo yawo, kupereka moni, kukhala pang'ono pakhonde, kuona. Zimene aona ankakauza Mulungu Lamulungu, mpingo wonse ukumva.

"Ambuye, pano ndi pa Eveles. Mwendo uja udakali wotupa ndipo akukana kupita kuchipatala. Muyambe mwafewetsa mutu, mwendo pambuyo. Pano ndi pa Tadala. Za kachasu tinakambirana sabata yatha, palibe chasintha. Koma denga wafolera, chimenecho muchione."

Ngakhale a Twaibu, Msilamu wosoka maukonde, sankasiyidwa.

"Pano ndi pa Twaibu. Iyeyu amakupezani Lachisanu, koma nyumba yake ili m'njira yanga."

A Twaibu akakumana nawo ankafunsa, "Madala, mwandidutsa bwanji sabata ino?"

"Ndinatchula chifuwa chija."

"Alhamdulillah, chachepa. Tsopano munenereko mbuzi yanga, sikudya."

Lamulungu lotsatira mbuzi inatchulidwa, mtundu wake ndi mawanga omwe.

Munthu amene pemphero limeneli linamukhala pakhosi anali Wilson, mkulu wa mpingo. Wilson ndi mkulu wake Charles anali ndi nyumba zoyandikana, boti limodzi ndi ukonde umodzi wa chilimira. Kenaka inabwera riferendamu ya 1993. Charles anavotera nyali, Wilson anavotera tambala. Anayamba ndi kutsutsana pa doko, anamaliza ndi kutchulana mawu amene ana a mimba imodzi satchulana. Anagawana katundu. Wilson anatenga boti, Charles anatenga ukonde. Aliyense anapita kwawo akudziona wopambana, ndipo kuyambira tsiku limenelo panalibe mwa awiriwo amene anaphanso nsomba.

A Gwaza sanaibise nkhaniyo.

"Ambuye, pano ndi pa Charles, ndipo apa pambali ndi pa Wilson. Ndiwatenga pamodzi chifukwa anayamwa bere limodzi. Miyezi isanu ndi itatu osapatsana moni. Wina akuweta nkhuku m'boti, wina watchinga dimba ndi ukonde. Onse akudya chigwada. Inu munawapatsa nyanja. Muone chimene mungachite."

Wina anaseka kumbuyo, n'kusandutsa chifuwa. Wilson, monga mkulu wa mpingo, ankakhala kutsogolo moyang'anana ndi anthu. Analibe kobisa nkhope. Anapirira sabata zitatu. Lachinayi lake anapita kwa a Gwaza, anawapeza akusita malaya awo oyera ndi simbi ya makala.

"Madala, ndabwera ndi pempho."

"Khalani pansi, a Wilson."

"Ndiima. Nyumba yanga muziilumpha."

A Gwaza anaimika simbi. "Ndiziilumpha?"

"Eya. Ine ndine mkulu wa mpingo. Ndimadziwa kudzipempherera ndekha. Sindikufuna dzina langa lizimveka pamodzi ndi la munthu uja."

"Munthu uja ndi achimwene anu."

"Ndanena."

"Chabwino," anatero a Gwaza, n'kupitiriza kusita kolala.

Sabata yomweyo Wilson anadula bango, anamanga mpanda wautali pakati pa nyumba ziwirizo, kutseka kanjira kamene kankachokera pakhomo pa Charles kufika pakhomo pake. Iye ndi banja lake anayamba kutulukira kuseri.

Lamulungu a Gwaza anatsika ndi pemphero lawo monga mwa masiku onse. Anafika pa Charles, anamutchula, anatchula mkazi wake ndi msana wake wopweteka. Kenaka anakhala chete. Sanatenge nthawi yaitali, inali yongokwanira kuti munthu wokalamba azungulire mpanda. Tchalitchi chonse chinamva akuzungulira.

"Ambuye, pano ndi pa Lydia."

Wilson anamwetulira. Anatuluka m'tchalitchi ali wopepuka ngati munthu amene wachotsa munga kuphazi.

Sabata yachiwiri sanamwetulire kwenikweni. Yachitatu mkazi wake Pauline anamudikira pakhomo atagwira m'chiuno.

"Bambo a Tiyamike, mwamva lero? Mbuzi ya a Twaibu yapemphereredwanso. Mbuzi. Ife ndife chiyani?"

"Ndimapemphera ndekha m'nyumba muno."

"Pemphero lanulo limatha ndisanatseke n'komwe maso. Mwana wanu Tiyamike ali ndi pakati poyamba. Ndani akumutchula? Amayi a kuchigwirizano akundifunsa ngati tinasamuka."

Chimene Wilson sanauze mkazi wake n'chakuti iyenso anali atayamba kumvetsera. Kale pemphero likafika pa mjigo ankawodzera. Tsopano ankalitsata khomo ndi khomo, ndipo likafika pa Charles ankagwira mpweya ngati munthu woima pamsewu amene akudziwa kuti minibasi yadzaza koma akukwezabe dzanja. Inkadutsa. Ankati ameni pamodzi ndi anzake, koma ameniyo sinali yake.

Patatha miyezi iwiri anabwerera kwa a Gwaza. Ulendo uno anakhala pansi.

"Madala, za nkhani ija. Amayi kunyumba akudandaula."

"Amayi?"

"Eya, amayi. Mukhoza kutibwezeramo."

"Ndikanakonda," anatero a Gwaza. "Koma njira imene ndimaidziwa yofika pakhomo panu imadzera pa Charles. Munaitseka. Ine ndakalamba, sindilumpha mpanda."

"Ilipo ina yakuseri."

"Yakuseri ndi ya kuchimbudzi, a Wilson. Ine Mulungu sindingamudzeretse kumeneko."

Wilson ananyamuka osatsanzika. Anali munthu wamakani, ndipo mpandawo anaumanga bwino. Zisankho za 1994 zinabwera, boma linasintha, mbendera za zipani zinathetheka ndi dzuwa pamitengo, mpanda uli chiimire. Tiyamike anabereka mwana wamkazi. Mwana aliyense wobadwa m'mudzi muno ankalowa m'pemphero la a Gwaza asanagwe mchombo. Uyu anayamba kukwawa asanatchulidwe.

Chaka chotsatira, nthawi ya mwera, a Gwaza anasiya kuyenda m'mawa. Lamulungu lina malo awo anali opanda munthu, lotsatira chimodzimodzi. Wilson anakumana ndi mai Elsie, akazi awo, akuchokera ku mjigo.

"Madala ali bwanji?"

"Phala akukana. Akungofunsa za anthu."

M'mawa mwake Wilson anatenga chikwanje n'kupita pa mpanda. Charles anali pakhonde pake. Anamuyang'ana akudula bango limodzi, lachiwiri, lachitatu. Kenaka anayankhula mawu ake oyamba kwa mng'ono wake m'zaka ziwiri.

"Ukudula molakwika. Yamba ndi luzi lakumwamba."

"Ndinamanga ndine, achimwene."

"N'chifukwa chake ndi wopindika. Bwera nacho kuno."

Anatsegula mpata wokwana munthu ndi ndodo yake. Za nyali ndi tambala sanazitchule. Anasamba m'manja, napita kwa a Gwaza, wina patsogolo wina pambuyo.

Anawapeza ali gone pamphasa, atafunda bulangeti, atachepa ngati mwana. Maso okha ndiwo anali omwe aja.

"Madala, njira yatseguka," anatero Wilson.

"Ndaona. Mwalowa awiri pakhomo limodzi. Gwadani."

Anagwada. Wilson anatseka maso, kudikira kumva dzina lake.

"Ambuye," anayamba a Gwaza ndi mawu ang'ono, "pano ndi pa Rhoda, pafupi ndi msewu."

Wilson anatsegula diso limodzi. "Madala, mwina tingoyambira chapafupi. Mphamvu zanu."

"Ulendo sayambira pakati. Tsekani maso."

Nyumba ya Charles inali ya makumi anayi mphambu zisanu ndi zitatu. Pansi panali pouma. A Gwaza ankayenda pang'onopang'ono kuposa kale, kupuma pakhomo lililonse. Sanatuluke m'nyumba sabata zitatu, koma ankadziwa amene wamwalitsa, amene wabwera kuchokera ku Lilongwe, amene nkhuku zake zatha ndi chitopa. Pa mjigo mawondo a Charles analira. Pa chigayo Wilson sankaimvanso miyendo yake. Anadutsa pa a Twaibu. Anafika pa Eveles, patangotsala makomo atatu.

"Pano ndi pa Eveles. Mwendo uja..."

Wilson ndi Charles anadikira. Kunali zii. Kenaka kunamveka kankonono kakang'ono.

Mai Elsie anasuzumira. "Agona. Musawadzutse, sanapume bwino masiku onsewa."

Abale awiriwo anakhalabe chigwadire. Kudzuka pemphero lisanathe sanakuphunzire. Wilson anayang'ana pansi. Makomo atatu okha.

Charles anakonza pakhosi. Sanali munthu wopemphera mokweza; ngakhale pa chakudya ankasiyira mkazi wake.

"Ambuye," anatero, "madala atopa, ndiye mupirire nane. Pa Eveles tadutsa. Pa Tadala mukudziwa kale. Pano ndi panga, mudzionere nokha." Anapuma. "Mpata ndi uwu, tauboola lero. Pano ndi pa Wilson. Ndi wamakani chibadwire, ine ndinamubereka kumsana, ndikudziwa. Boti lake lauma mpaka lang'aluka. Mwana wake Tiyamike anachira bwino, ali ndi mwana wamkazi, dzina lake Mayamiko. Sitinakuuzeni, tikukuuzani lero. Musamulumphe."

Wilson anati ameni. Mawu anatuluka ngati a chule. Amati chinali chimfine cha mwera.

A Gwaza anamwalira patapita masiku awiri. Pa maliro panali anthu ochokera ku Senga Bay, ku Maganga konse ndi kuboma. A Twaibu anabwera ndi anzawo a kumzikiti, anakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka mwambo wonse unatha. Pemphero la kumanda linatenga mphindi zitatu. Anthu anatsegula maso n'kuyang'anana ngati aberedwa.

Boti analimata phula, ukonde anauchotsa kudimba. Wilson ndi Charles amapita limodzi panyanja, ndipo za ndale amakanganabe mpaka nsomba kuthawa.

Wilson anayesapo kamodzi kupemphera monga a Gwaza. Anayamba bwino pa mai Rhoda. Pa nyumba yachisanu ndi chinayi anapeza kuti sakudziwa maina a ana a pamenepo, ndiponso sakudziwa ngati mwini nyumba anachira kapena ayi. Anaima, n'kutseka ndi Atate Wathu. Potuluka anauza Charles kuti ntchitoyo sinali ya pakamwa, inali ya miyendo.

Masiku ano mapemphero athu ndi aafupi, okonzeka bwino, ndipo palibe amene amachita manyazi. Usipa sukupsanso pa thandala. Tikati ameni timatuluka dzuwa lisanafike pamutu, koma anthu safulumira kupita kwawo. Amangoima panja pa tchalitchi timagulutimagulu, ngati pali china chatsala. Palibe amene wamva dzina lake.