Matayala Aakulu a Ulendo wa kwa Mlolo

Lolemba, Febuluwale 1996

Ndili mwana, lole ya fodya inatitimira pa dambo la kwathu. Atate anavula jekete lawo la ku tchalitchi, naliyala pansi pa tayala. Lole inatuluka, jekete silinaonekenso. Matope a lero andikumbutsa zimenezo.

Loweruka ndiyenera kukafika kwa Mlolo, kwa mlongo wanga. Ndine nkhoswe ya mwana wake Esinati. Akuchimuna abwera kawiri, osandipeza, chifukwa cha msewu. Asiya mawu: "Kachitatu tidzati mwatikana."

Nzeru yanga: pikapu yanga yokalambayi ivale matayala aakulu. A Fulansisiko, amakanika amene anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, akuti ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Lachiwiri

Matayala alowa. Kukongola! Koma ukangokhota, akukhula bodi, fungo la mphira mpaka kumsika. A Fulansisiko: "Galimoto yafupika, bwana. Tiikweze."

Lachitatu

Awonjezera masipuling'i a lole. Tsopano amayi a kunyumba sangakwere popanda mpando. Akuti, "Mukukafunsira mbeta kumwamba?"

Kungoyenda pang'ono, gwengwere! Chitsulo chachitali chozunguza matayala akumbuyo chagwa pakati pa msewu. Chafupika nachonso.

Lachinayi

Achilumikiza ndi chidutswa cha paipi ya pachitsime. Galimoto ikuyenda, koma mphamvu zii. Pa chitunda cha kuchipatala andipitirira awa: abambo a njinga ya makala, mbuzi, ndi amayi oyembekezera amene andifunsa ngati ndikufuna thandizo.

A Fulansisiko akuti matayala aakulu amafuna difu ina, magiya aja a pakati pa matayala akumbuyo. Ali nayo pansi pa bedi lawo. Munthu amasunga bwanji difu pansi pa bedi?

Ndaganiza za Esinati. Ali wakhanda ankagona pamiyendo panga m'galimoto yomweyi, tikubwera ku sikelo.

Lachisanu

Difu yalowa. Ndaika giya yoyamba, galimoto yabwerera m'mbuyo, khola la nkhuku phwanyu! A Fulansisiko aiika mozondotsa. Magiya anayi obwerera m'mbuyo, imodzi yokha yopita kutsogolo, ya liwiro la nkhono.

"Mawa m'mawa titembenuza, bwana."

Loweruka

Mabawuti akana kumasuka. Awiri athyoka. Dzuwa likukwera, ine ndavala kale suti. A Fulansisiko akupukuta manja: "Msewu ndi womwewo, bwana, kaya mwaupenya kaya mwaufulatira."

Ndawamvera, munthu wa imvi ine! Ndadutsa boma lonse chambuyo, khosi litapotoka, amayi a pamsika akuimba nthungululu. Ndisanafike pa mlatho woyamba, ndili m'ngalande. Matayala awiri akuzungulira m'mwamba, oyera bwino.

Mvula yayamba. Kwa Mlolo anthu akhala pa mphasa, akuyang'ana kumsewu.

Lamulungu

Khosi silikutembenuka. Pa Misa ndapenya khoma lokha.

Potuluka, akatekisiti a kwa Mlolo andipatsa kalata ya Esinati. Akuchimuna ananyamukadi atakwiya, koma mbiri yanga inawapeza m'njira, kuti nkhoswe yagwa m'ngalande ikubwera chambuyo, itavala suti. Amalume ake a mnyamata akuti munthu wotere sanawakane. Tikumana Lachiwiri masana.

Kumapeto mwanayu walemba kuti: "Amalume, mubwere ndi miyendo yanu. Chonde a Fulansisiko asaikhudze."